Momwe mungakonzere mpando wa galimoto yakale umene wasiya kugwira

Kuno ku Kasungu, amene akadali ndi Peugeot 504 kapena Datsun 120Y amaisamala ngati mwana, koma mpando wa dalaivala ukayamba kugwa chagada, ambiri amangoutchinjiriza ndi chigubu kapena thabwa n'kupitiriza ulendo. Zimenezi n'zoopsa, chifukwa galimoto ina ikakugundani kumbuyo chotsamira chimagweratu, ndipo lamba sangakugwireni. Chonsecho ntchitoyi mungathe kuigwira nokha masana amodzi.

Konzani masipanala, sikuludiraiva, pulayala, burashi ya waya, parafini ndi girisi watsopano. Masulani mabawuti amene amagwira njanji za mpando pansi, omwe kawirikawiri amakhala anayi, ndipo ngati pansi pake pali waya, yambani mwachotsa theminolo ya negetivi ku batire. Tulutsani mpandowo, muugoneke chammbali pamphasa kapena pasaka kuti nsalu yake isade.

Chotsani chogwirira chimene mumakoka pofuna kusuntha chotsamira, ndi chivundikiro cha m'mbali, mosamala, popeza pulasitiki wa zaka makumi anayi amasweka ngati chigoba cha dzira. Musanamasule china chilichonse, jambulani ndi foni. M'katimo muona zitsulo ziwiri za mano zimene zimalumana, kasipuling'i kamene kamazikokera pamodzi, ndi sipuling'i yaikulu yokulungika ngati nkhata, imene imabweza chotsamira kutsogolo. Yaikuluyi ili ndi mphamvu yoti n'kuvulaza chala kapena diso, choncho weramitsani chotsamira kutsogolo mpaka pamapeto kuti ifooke musanaikhudze.

Nthawi zambiri vuto silikhala kuthyoka kwa chitsulo ayi. Fumbi la m'misewu ya ku Chamama kapena ya m'maesiteti a fodya limasakanikirana ndi girisi wakale n'kuuma gwaa pakati pa mano, moti amangokhudzana kunsonga m'malo molumana mpaka pansi. Thirani parafini, mudikire pang'ono kuti afewetse litsirolo, kenako kwechani ndi burashi mpaka dzino lililonse lionekere palokha. Mukapukuta, bwezerani chogwirira n'kuchikoka kangapo mukuyang'anitsitsa. Mano akamalumana ndi kaphokoso komveka bwino, ndiye kuti mwalipeza vuto. Akamabwerera mwaulesi, kasipuling'i katambasuka kapena kaduka, ndipo muyenera kuikapo kena kofanana nako kutalika ndi kulimba. Mphira wa chubu sangalowe m'malo mwake.

Mano akakhala kuti anaperepeseka n'kukhala obulungira, musalole kuti awotchereredwe kenako n'kusemedwa ndi tupa. Chitsulo chimenechi chinalimbitsidwa kufakitale, ndipo moto wowotcherera umachifooketsa, kotero chimaoneka chabwino lero koma chidzakukanani tsiku la ngozi. Ndi bwino kufunafuna chonse chathunthu pa galimoto yakufa ya mtundu womwewo, ngakhale zitatengera kupita ku Lilongwe, ndipo kumbukirani kuti cha kumanja ndi cha kumanzere sizisinthana.

Mipando ina ili ndi mano mbali zonse ziwiri, ndipo kachitsulo kakatali kodutsa kunsi kwa chotsamira ndi kamene kamazilumikiza. Kakavuka, mbali imodzi imagwira inayo ayi, mpando n'kupendekera. Kabwezereni pamene mbali zonse zalumana pa dzino lofanana.

Pakani girisi wochepa chabe, chifukwa wambiri amaitananso fumbi lomwe lija. Bwezerani zonse motsatira chithunzi chija, ndipo bawuti ikakhala yodyeka ndi dzimbiri, gulani yolembedwa 8.8 pamutu, nambala yosonyeza kulimba kwake, osati ya mageti. Mukamanga mpando m'galimoto, khalanipo, mupondetse mapazi pansi n'kukankha ndi msana mwamphamvu pa malo aliwonse amene chotsamira chimaima. Chikatsetsereka ngakhale dzino limodzi, musatuluke nayo pamsewu galimotoyo, masulaninso muonenso manowo.