Momwe mungachitire kuti makasitomala a mu Joni azikupezani pa Google

Ambirife amene tikuchita bizinesi muno mu Joni timadalira WhatsApp ndi Facebook: telala wa ku Rosettenville, wopenta nyumba wa ku Cosmo City, wonyamula katundu kupita naye ku Blantyre kapena ku Mzuzu. Vuto lake kumeneko timangoonana tokhatokha. Mayi wa ku Randburg amene paipi yamuphulikira m'nyumba safunsa pagulu la Amalawi, amangotsegula Google pafoni n'kulemba "plumber near me". Ntchito yokonza kuti bizinesi yanu izituluka munthu akafufuza chonchi ndi imene amati SEO, ndipo zida zake zofunika kwambiri n'zaulere. Chongofunika n'kudziwa choyambira.

Yambani ndi Google Business Profile

Ngakhale mulibe webusaiti, yambirani pano. Chida chimenechi chinkatchedwa Google My Business mpaka mu 2021, ndipo ndi chimene chimaika bizinesi pa Google Maps. Mungofunika akaunti ya Gmail. Lembani dzina lenileni la bizinesi yanu, sankhani mtundu wa ntchito, ikani nambala ya foni ndi nthawi imene mumagwira ntchito. Mtundu wa ntchitowo musausankhe mothamanga, chifukwa ndi umene Google amayang'ana kwambiri posankha woti amuonetse. Ndipo musamatirire mawu ngati "best" kapena "cheap" ku dzina la bizinesi, malamulo awo amaletsa ndipo akhoza kukuimitsani.

Nkhani ya adiresi ndi imene imagwetsa anthu ulesi. Ambiri timachita lendi kachipinda kuseri kwa nyumba ya eni, ndiye sitingafune kuti aliyense azidziwa pamene timagona. Ngati ndinu amene mumapita kwa kasitomala, monga mmisiri wa mapaipi kapena wosamalira maluwa, pali mwayi wobisa adiresi n'kungolemba madera amene mumafikako, mpaka 20. Lembani maina ake enieni: Randburg, Fourways, Midrand, Kempton Park. Kenako Google adzafuna umboni woti bizinesiyo ilipodi, ndipo masiku ano kawirikawiri amapempha vidiyo yaifupi. Konzekeranitu: onetsani chikwangwani cha msewu, zipangizo zanu, makina osokera kapena galimoto yolembedwa dzina.

Akakuvomerezani, ikani zithunzi za ntchito imene mwagwira ndi manja anu, osati zotola pa intaneti. Mkati momwemo muli linki yopemphera ndemanga. Itumizeni pa WhatsApp kwa kasitomala aliyense amene wakhutira, tsiku lomwelo mtima ukadali m'malo. Ndemanga zogula kapena zolembetsa abale zisiyeni, Google amazifufuta. Wina akadandaula muyankheni mwaulemu, poti amene adzawerenge yankholo ndi kasitomala wamawa.

Pezani mawu amene anthu amalembadi

Apa m'pamene pagona nkhani. Inu mumati "kutumiza katundu kumudzi", koma ngakhale Mmalawi mnzanu akagwira foni nthawi zambiri amalemba m'Chingerezi, "transport to Malawi from Johannesburg". Chida choyamba ndi Google yemweyo: yambani kulemba ntchito yanu m'bokosi lofufuzira ndipo muone mawu amene akukumalizirani. Amenewo achokera kwa anthu enieni. Tsikani pansi muwerengenso mafunso a pa People also ask. Zonsezi lembani m'kope.

Mukatero tsegulani Keyword Planner, chida choonetsa kuti mawu aliwonse amafufuzidwa kangati pamwezi, chomwe chili mkati mwa Google Ads, polipirira malonda pa Google. Sikuti mpaka muyambe kulipira malonda, ngakhale potsegula akaunti akhoza kukufunsani za khadi la kubanki. Sinthani dera likhale Johannesburg, apo ayi mudzaona manambala a dziko lonse. Amene salipira malonda amangoonetsedwa manambala oyerekeza, monga 100 mpaka 1,000 pamwezi, koma n'zokwanira kukuuzani mawu amene amafufuzidwa kwambiri ndi amene amafufuzidwa pang'ono. Langizo langa: siyani kulimbirana mawu akuluakulu ngati "tailor" ndi makampani a ku Sandton. Tengani aatali okhala ndi dera, ngati "wedding dress alterations Rosettenville". Ofufuza n'ochepa, koma amakhala atagwira kale ndalama m'manja.

Google Trends imathandiza pa nyengo. Sankhani South Africa, kenako Gauteng. Manambala ake a 0 mpaka 100 si chiwerengero cha anthu, amangoonetsa nthawi imene chidwi chimakwera ndi kutsika. Wonyamula katundu amadziwa kale kuti November ndi December mpamene ntchito imatentha. Tsamba lake likhale lokonzeka miyezi ingapo nthawiyo isanafike, chifukwa Google amatenga nthawi kuti alizolowere tsamba latsopano.

Ngati muli ndi webusaiti, ilumikizeni ku Search Console

Google Search Console ndi yaulere, ndipo palibe chida cholipira chingakupatseni zimene imapereka, chifukwa manambala ake amachokera kwa Google mwini. Tsimikizirani kuti webusaitiyo ndi yanu, tumizani sitemap (mndandanda wa masamba a pa webusaiti yanu), n'kudikira masiku angapo. Kenako lowani pa Performance. Mudzaona mawu amene anthu analemba tsamba lanu n'kutuluka, angati analiona, angati analitsegula, ndi malo amene munali pamndandanda wa zotsatira za Google. Imasunga mbiri ya miyezi 16.

Chochita nacho n'ichi: sakani mawu amene muli pa malo a 8 mpaka 20. Pamenepo Google wakuonani kale, kwangotsala pang'ono. Bwererani patsambalo, ikani mawuwo pamutu, yankhani mafunso aja munalemba m'kope, tchulani mitengo m'marandi ngati n'kotheka. Wa katundu alembe masiku onyamukira, malo olandirira, katundu amene salola, ndi njira yake ya ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza. Mukasintha tsamba, gwiritsani ntchito URL Inspection kupempha Google kuti adzalionenso. Bing Webmaster Tools, yofanana ndi Search Console koma ya Bing, pofufuzira pa Microsoft, nayo ndi yaulere ndipo imakoka webusaiti yanu ndi sitemap kuchokera ku Search Console, mphindi zochepa mwamaliza.

Yesani liwiro

Ikani adiresi ya tsamba lanu mu PageSpeed Insights ndipo muyang'ane zotsatira za pafoni, chifukwa Google amaweruza potengera mmene tsamba likuonekera pafoni. Muyezo wawo ndi wakuti chinthu chachikulu patsamba chioneke pasanathe masekondi 2.5. Kawirikawiri cholemetsa ndi zithunzi zoikidwa momwe zachokera mu kamera. Zichepetseni ndi Squoosh kapena TinyPNG musanaziike. Munthu wa kabandulo ka Vodacom kapena MTN sangadikire tsamba lomudyera data.

Amene anamanga webusaiti yake pa WordPress aikemo kachida kothandiza pa SEO, Yoast SEO kapena Rank Math, imodzi yokha, ziwiri zimalimbana. Zimakupatsani polemba mutu wooneka pa Google, womwe usapitirire kwambiri zilembo 60, ndi kachiganizo kofotokozera pansi pake. Timagetsi tobiriwira timene Yoast imaonetsa posonyeza kuti tsamba mwalilemba bwino tisakupusitseni, Google satiwerenga. Webusaiti ikakula, Screaming Frog imayendera maadiresi 500 kwaulere n'kukuonetsani malinki akufa ndi masamba opanda mutu, koma imafuna kompyuta, pafoni siigwira.

Nanga zolipira zija?

Ahrefs ndi Semrush n'zida zabwino zedi, makamaka poona amene akulozera linki kwa opikisana nanu, koma mitengo yake ndi ya m'madola mwezi ndi mwezi. Kwa telala kapena wopenta imeneyo ndi ndalama ya lendi. Ahrefs ili ndi mbali yaulere kwa mwini webusaiti amene watsimikizira kuti ndi yake. Yambani ndi imeneyo.

Mukangoonekera pa Maps mudzayamba kulandira mafoni ndi maimelo a anthu olonjeza kukuikani pa nambala wani. Google mwiniwake amanena poyera kuti palibe angakutsimikizireni malo amenewo. Mukaganiza zolemba ntchito katswiri, mufunseni masamba amene adzasinthe ndi manambala a mu Search Console amene adzakuonetseni mwezi uliwonse. Pasiwedi ya Gmail yanu musampatse. Muwonjezereni ngati manejala pa Business Profile komanso ngati wogwiritsa ntchito pa Search Console, umwini ukhale m'dzina lanu, kuti tsiku losiyana mudzangomuchotsa ndemanga zanu zonse zili pomwepo.