Mayina a zovala mu Chikantonizi: yambani ndi mawu atatu

Pophunzira Chikantonizi, Chitchaina cholankhulidwa ku Hong Kong, musaloweze dzina la chovala chilichonse palokha. Gwirani kaye mawu atatu: fu3 ndi buluku, saam1 ndi chovala chakumtunda, kwan4 ndi siketi kapena diresi. Mayina ena ambiri amangowonjezera mawu kutsogolo. Buluku lotambasuka kumunsi ndi laa3 baa1 fu3, chifukwa laa3 baa1 ndi lipenga, ndipo miyendo yake imatseguka ngati kukamwa kwa lipengalo. Jinzi ndi ngau4 zai2 fu3, kabudula ndi dyun2 fu3.

Manambalawo akusonyeza mamvekedwe asanu ndi limodzi a kukwera ndi kutsika kwa mawu m'kalembedwe ka Jyutping, kolemba Chikantonizi m'zilembo ngati zathuzi; musawasiye polemba. Mukakweza mawu pa fu3 n'kukhala fu2, mwanena "kuwawa".

Chimene ambiri amaphonya ndi mawu owerengera, amene amaikidwa pakati pa nambala ndi dzina la chinthu. Buluku ndi siketi zimatenga tiu4, malaya amatenga gin6, choncho lowezani "jat1 tiu4 fu3" (buluku limodzi) yonse pamodzi. Apa j amamveka ngati y wathu.

Kuvala zovala ndi nsapato ndi zoek3, koma chipewa, magalasi ndi wotchi ndi daai3. Pogula pa msika wa Ladies' Market ku Mong Kok, dera la mu Hong Kong, onjezani fut3, chotakata, ndi zaak3, chothina.