Momwe mungayambire gemu ya Empires & Puzzles popanda kuwononga ndalama

Dzuwa la mu Juni likangobisala kuseri kwa phiri la Dedza, palibenso wofuna kucheza pabwalo. Chisanu chimatikusira tonse m'nyumba, wina pafupi ndi mbaula, wina m'bulangete foni kumanja. Inali nyengo yotereyi pomwe mphwanga, yemwe amagulitsa kachewere m'mbali mwa msewu wa M1 cha ku Bembeke, anandiikira gemu ya Empires & Puzzles mufoni. Anangoti, "Achimwene, inu paja mumakonda bawo, iyi muikonda." Sananame. Kungoti masabata awiri oyambirira ndinamwaza zinthu zomwe zinanditengera miyezi kuti ndizipezenso, ndiye ndati ndilembe izi kuti inu mwangoyamba kumenenu musagwere m'mbuna yomweyo.

Gemuyi inapangidwa ndi kampani ya Small Giant Games ya ku Helsinki m'dziko la Finland, ndipo inatuluka mu 2017. Pano kampaniyo ili m'manja mwa Zynga. Ndi ya mtundu womwe unatchuka ndi Puzzle & Dragons, ija GungHo ya ku Japan inatulutsa mu 2012: umalumikiza timiyala tofanana mtundu, timiyalato timakamenya zilombo, ndipo pang'onopang'ono umatolera ankhondo ako otchedwa mahero, ena anthu, ena zilombo zenizeni za minyanga ndi mano otuluka kunja. Kuitenga pa Play Store kapena App Store n'kwaulere. Komabe eni ake amadyera pa kupupuluma kwa osewera, choncho pafupifupi zonse ndikuuzeni pano zikukhudza kugwira mtima.

1. Musanamenye chilombo ngakhale chimodzi

Lumikizani gemuyi ku akaunti yanu ya Google Play Games tsiku loyamba lomwelo. Foni imabedwa, imagwera m'ndowa, imagulitsidwa nthawi ya fetereza. Mukapanda kulumikiza, mahero anu onse apita nayo. Dziwaninso kuti gemuyi siyenda popanda intaneti. Kusewera kwa tsiku ndi tsiku sikudya bandulo kwambiri, chomwe chimadya ndi kuitsitsa koyamba ndi ma update. Zimenezo chitirani pomwe pali Wi-Fi, kapena dikirani mutagula bandulo yaikulu.

2. Mitundu isanu, ndi komwe mwala ukupita

Apa m'pomwe pagona gemu yonse, choncho tikhalitsapo.

Bolodi lake lili ndi mizere 7 yoimirira ndi 5 yopingasa. Timiyala tilipo ta mitundu isanu. Wofiira umagonjetsa wobiriwira, wobiriwira umagonjetsa wabuluu, wabuluu umagonjetsa wofiira. Ine ndinaloweza chonchi: moto umatentha tchire, tchire limamwa madzi, madzi amazima moto. Wachikasu ndi wapepo ndi adani a okhaokha, uliwonse umapweteka unzake. Mwala ukagunda mdani yemwe umamugonjetsa, ululu wake umawirikiza kawiri. Ukagunda yemwe amaugonjetsa, umangofika theka. Ndipo ngati m'timu yanu mulibe hero wa mtundu wina wake, timiyala ta mtunduwo timangomukanda mdani ndi 1 basi, ngati kumuponyera njere ya mpiru.

Chomwe oyamba ambiri sachiona ndi ichi: mwala uliwonse umauluka molunjika kumwamba mumzere womwe uli. Mukalumikiza atatu moimirira, onse atatu amakagwera mdani mmodzi yemwe waima pamwamba pa mzerewo. Mukalumikiza mopingasa, amamwazikana m'mizere itatu. Ndiye musanasunthe chala, kwezani maso muone amene waima pamwambapo ndi ndani. Pa bawo munthu satakata asanawerenge nkhomo kuti dzanja likathera pati. Kunonso n'chimodzimodzi, ndipo pomenya zilombo pamapu a gemuyi palibe wotchi yokuthamangitsani.

Mukalumikiza timiyala tinayi pamabadwa kamwala ka chinjoka, komwe mukakadina kamaphulitsa toyandikana nako. Mukalumikiza tisanu, kaya mumzere kaya mokhota ngati L kapena T, pamabadwa dayamondi yomwe imasesa timiyala tonse ta mtundu wake pabolodi. Dayamondi musamaiphulitse chifukwa choti yangooneka. Isungeni mpaka mtundu wake uchuluke, kapena mpaka bwana wa zilombo atulukire kumapeto. Komanso yambani kuyang'ana pansi pa bolodi, chifukwa kusuntha kwa m'munsi kumagwedeza timiyala tambiri ndipo nthawi zina timalumikizana tokha.

Pansi pa hero aliyense pali kamzere ka mana. Kamadzaza mukamalumikiza timiyala ta mtundu wake, ndipo kakadzaza ndi pomwe amatulutsa luso lake lapadera. Wolembedwa Fast amafuna timiyala 8, wa Average 10, wa Slow 12. Chinsinsi chomwe mphwanga anachedwa kundiuza n'choti mwala wodutsa pampata pomwe palibe mdani umapereka mana owirikiza. Pomenyana ndi timu ya wosewera mnzanu, zomwe amati Raid, mwala uliwonse wogunda hero wake umamudzazira mana iyeyo. Tsono mukagwetsa mmodzi, ponyerani timiyala tosafunika pampata wasiyawo. Inu mukudzaza, iwo ayi.

3. Timu yoyamba: nyenyezi zitatu zikukwanirani

Mahero ali ndi nyenyezi kuyambira imodzi mpaka zisanu, ndipo timu imakhala ya asanu. Aliyense amalota wa nyenyezi zisanu. Ine nditapeza wanga woyamba ndinamuthira chakudya chonse, n'kudzaima naye panjira chifukwa zipangizo zomukwezera ndinalibe. Anakhala miyezi ngati nyumba yofika pa lintala yosowa malata.

Hero amakwezedwa gawo ndi gawo: wa nyenyezi zitatu amathera pa levulo 50 ya gawo lachitatu, ndipo zonse zomukwezera zimapezeka pomenya zilombo pamapu. Wa nyenyezi zinayi kuti alowe gawo lake lomaliza amafuna Compass, Fine Gloves ndi zipangizo zinayi za mtundu wake, monga Hidden Blade kwa ofiira kapena Warm Cape kwa abuluu. Zimenezi simungazifukule pamapu mwakufuna kwanu, zimabwera mwa apo ndi apo. Wa nyenyezi zisanu ndiye amafuna zoposa pamenepo. Choncho yambani ndi a nyenyezi zitatu, mmodzi pa mtundu uliwonse, muwafikitse kumapeto. Bane wachikasu, yemwe gemu imakupatsani koyambirira, ndi wabwino ndithu. Balthazar wapepo, Valen wabuluu, Berden wobiriwira ndi Azar wofiira akakugwerani, agwireni.

Musayende opanda sing'anga. Hawkmoon wofiira kapena Belith wobiriwira amachiza timu yonse. Pambuyo pake mukadzapeza Boldtusk, chilombo chofiira cha minyanga chomwe chimachiza n'kuwonjezeranso ukali wa anzake, kapena Rigard, Kiril, Melendor kaya Sabina, ameneyo ayambe kudya ndiye. Timu ya omenya okhaokha imaoneka yoopsa pa zilombo zoyambirira, koma pofika kwa bwana imakhala yatha magazi.

Hero amakula podya mahero ang'onoang'ono. Mudyetseni a mtundu wake: wa nyenyezi imodzi amapereka mapointi 150, koma akakhala wofanana naye mtundu amapereka 180. Ndipo chonde, aliyense yemwe mukufuna kumusunga mumuike loko pakhadi lake. Usiku wina magetsi atazima, tulo tili m'maso, ndinadyetsa Hawkmoon wanga kwa hero wina ndisakuona. M'mawa mphwanga atatenga foni anangogwira pakamwa. "Achimwene, sing'anga uja mwamuphika?" Palibe batani lobwezera.

4. Mudzi wanu

Kuseri kwa nkhondo kuli mudzi woti mumange. Minda imapereka chakudya, migodi imapereka chitsulo, ndipo nyumba yaikulu yapakati, Stronghold, ndiyo imalamula kuti zina zonse zikwere kufika pati. Womanga waulere ndi mmodzi yekha, ndiye asamakhale manja lende. Musanagone muikireni ntchito yaitali, masana muzimupatsa zifupizifupi. Stronghold ikakana kukwera chifukwa chitsulo sichikukwana, kwezani mosungira chitsulo kaye.

Cholinga chanu chachikulu chikhale Training Camp imodzi yofika levulo 20, zomwe zimafuna kuti Stronghold nayo ifike 20. Pamenepo mumaika anthu ophunzira usilikali 100 ndi chakudya, n'kudikira masiku awiri, ndipo mumatuluka hero wa nyenyezi zitatu, zinayi, kapena mwamwayi zisanu, osalipira kanthu. N'zotenga miyezi, koma khomo la wosewera waulere ndi limeneli. Musavutike kukweza makampu onse kufika 20. Ena aimitseni pa 11, pomwe maphunziro ake ndi otchipa zedi, anthu awiri okha ndi kachakudya pang'ono pa maola awiri alionse. Kampu yotere imagwiranso ntchito ngati nkhokwe: nyumba zikadzaza ndi anthu, atsanulireni mmenemo pamzere, mudzawatulutsa mukadzawafuna.

5. Ma gems: apa ndiye gwirani thumba

Ma gems ndi ndalama ya mugemu. Amabwera pang'onopang'ono kwaulere, m'mabokosi a mphoto, pomaliza ntchito zina, ndi poonera kanema wotsatsa malonda pa Mystic Vision. Gemuyi idzakunyengererani kuti muwagwiritse ntchito pofulumizitsa zomanga, kapena popitiriza nkhondo mukagonja. Kanani zonse ziwiri. Mukagonja mwaluza timbendera tochepa tolowera kunkhondo, tomwe tibwerera tokha.

Pali ntchito ziwiri zokha zomwe ine ndimaziona zoyenera. Yoyamba ndi kukulitsa malo osungira mahero, chifukwa amadzaza msanga. Yachiwiri ndi kusunga 300 zoitanira hero pa Summon. Kuitanaku ndi mwayi chabe, ndipo nthawi zambiri mumatuluka wa nyenyezi zitatu. Gemu yomweyo imaonetsa mwayi wake m'maperesenti pa tsamba loitanira, kawerengeni musanadine. Mitengo ya zogula ndi ndalama zenizeni mukaitembenuza kukhala makwacha, mupeza kuti kaphukusi kamodzi kakudya ndalama ya ndiwo ya masiku angapo popanda lonjezo lililonse. Ngati foniyo amagwiranso ana, ikani pasiwedi pa zogulagula mu Play Store.

6. Timbendera ndi mabokosi

Nkhondo iliyonse ya pamapu imadya timbendera ta World Energy, ndipo kamodzi kamabwerera pa mphindi 10 zilizonse. Tikadzaza timaima, ndiye kusiya todzaza tsiku lonse n'kutaya. Sikuti nthawi zonse muzilimbana ndi malo atsopano. Bwererani pomwe munapambana kale kukakolola. Malo odziwika kwa osewera ambiri ndi 8-7, kutanthauza chigawo 8 nkhondo ya nambala 7, pamapu oyamba: amadya timbendera titatu tokha koma amapereka anthu ambiri opita nawo kukampu. Pamalo ngati amenewa dinani batani loti gemu izisewera yokha, inu mukusenda mbatata.

Pali mabokosi atatu a mphoto. La zilombo limatseguka mukapha 100, la Raid mukagwetsa mahero 40 a anzanu, la Titan gulu lanu likapha zimphona zisanu. Awiri oyambawo yesetsani kuwadzaza tsiku lililonse. Za makapu, omwe mumapata mukapambana Raid n'kuwaluza mukagonja, musadandaule nazo. Mudzadzuka m'mawa n'kupeza munthu wa kutsidya la nyanja wakumenyani usiku, koma zomwe angatenge ndi makapu ndi zomwe zinali mu Watchtower, nsanja ya m'mudzi mwanu yotolera chakudya ndi chitsulo, basi. Mahero anu ndi nkhokwe zanu sazikhudza.

Mukakhala ndi mahero okwanira, siyani kupita ku Raid ndi mitundu yonse isanu. Onani yemwe waima pakati pa timu ya mdani, mutenge awiri kapena atatu a mtundu womugonjetsa. Mphamvu za mahero ofanana mtundu zimaphatikizana pa mwala uliwonse. Bolodi likakana kupereka mtunduwo mudzalira, koma likapereka wapakatiyo amagwa ndi kusuntha kuwiri.

7. Lowani gulu

Alliance ndi gulu la osewera osapitirira 30, ndipo ambiri mwa zipangizo zosowa zija zimachokera kumeneko. Gulu limamenyera limodzi Titan, chimphona chomwe chimakhalapo maola 22 chisanathawe. Mumakhala ndi timbendera titatu, kamodzi kamabwerera pa maola anayi, ndipo nkhondo iliyonse ndi ya masekondi 90. Apa ndiye liwiro limafunika. Tengani mahero a mtundu wogonjetsa chimphonacho, ndipo lunjikitsani timiyala pamalo pake pofooka pomwe pamaonekera pasikirini, chifukwa mukapamenya bwino chimachita chizungulire n'kulephera kubwezera. Wu Kong, nyani wachikasu wa nyenyezi zinayi, amathandiza kwambiri pano ngakhale amachititsa timiyala tina kuphonya.

Sankhani gulu lomwe anthu ake amamenyadi. Mukaona chimphona chikuthawa kawirikawiri, theka la mamembala silinalowe kwa masabata, tulukani mukafune lina, palibe mlandu. Nkhondo za magulu zimachitika kawiri pa sabata, aliyense amamenya kasanu ndi kamodzi, ndipo hero mmodzi salowa kawiri. Ndiye kuti pakufunika mahero 30, chifukwa chinanso chosatayira a nyenyezi zitatu aja mukayamba kupeza akuluakulu.

Kwa ife a m'malire muno pali kanthu kena. Msewu wochoka ku Dedza kulowera ku Ntcheu umayenda m'mphepete mwa Mozambique, ndipo netiweki imatha kudukaduka kapena foni kuyamba kusakasaka ya tsidya linalo. Ine ndinayamba kumenya Titan ndili m'minibasi tikuyandikira pa Lizulu, bolodi litadzaza bwino ndi mtundu womwe ndinkaufuna. Kagudumu kanazungulira pasikirini mpaka tinapitirira msika wonse wa kabichi ndi tomato, ndipo pobwerera kambendera kanali katapita. Kuyambira tsiku limenelo zilombo za 8-7 ndimamenyera paulendo, koma Titan ndi nkhondo ya gulu ndimadikira ndifike kunyumba, ndikhale pa khonde la kumpoto komwe netiweki imagwira mizere yonse, batire litapitirira theka.