Jekete Imodzi Yokwanira ku Ulongwe ndi ku Tete Komwe

Ndimanyamuka ku Ulongwe mbandakucha ndi matumba anga a mbatatesi. Mu Juni ndi Julaye chisanu cha kuno ku Angónia chimalowa mpaka m'mafupa, koma pofika ku Moatize dzuwa limakhala laswa mtengo, ndipo pooloka Zambezi kulowa mu Tete thukuta lili kamukamu. Jekete yapaulendo iyenera kupirira zonse ziwirizi.

Yoyamba ndinalakwitsa. Ndinatola pa kaunjika chijekete chofufuma, chija chosokedwera mayiko a chipale chofewa. Kumudzi ndinkaoneka bwana. Koma mu chapa, minibasi ya kuno ku Mozambique, titapanikizana anayi pampando umodzi, chinasanduka katundu. Kuvala kunali kosatheka, m'chikwama sichinkalowa, ndiye ndinachifungatira ngati mwana mpaka kufika. Mayi wina amene tinakhala limodzi anachita kundifunsa kuti, "Achimwene, mwatenga bulangete lakunyumba?"

Tsono sankhani yopepuka, ya nsalu yothithikana yosalowa mphepo, yokhala ndi kansalu kena kopyapyala m'kati. Kutentha kuzichokera ku juzi yomwe mwavalira pansi, chifukwa juzi mukhoza kuivula mukayamba kutsetsereka. Poyesa pamsika, ivaleni pamwamba pa juziyo, mutseke zipi, kenako kwezani manja ngati mukukweza thumba pagalimoto. Ikakoka m'khwapa kapena kusiya msana pamtunda, ibwezeni pamulu. Mukatero ipindeni. Ikakana kulowa m'chikwama chanu, si yapaulendo imeneyo.

Zipi ndiye pamene ambiri timapusitsidwa. Itsekeni ndi kuitsekula kangapo, wogulitsa ngakhale akuyang'aneni ndi diso lofiira. Ine ndimayang'ana pa kachitsulo kokokera, ndikaona palembedwa YKK mtima umakhala pansi. Ikakhala ndi mabatani ophimba zipiyo ndi bwino koposa, poti zipi ikafera panjira simuyenda chifuwa chili pamtetete. Bowo laling'ono telala amasoka, musaope. Koma nsalu ya pulasitiki yomwe yayamba kusupuka m'kati ilibe mankhwala.

Thumba lam'kati lotseka lisasowe. Mmenemo ndimo mumakhala chitupa changa, foni ndi ndalama. Pachipata cha Zóbuè kapena Calómuè, m'malire ndi Malawi, pamene anthu amadzadzana, simufuna kumapisa m'chikwama aliyense akuona.

Za mtundu, yoyera iwaleni. Fumbi la mumsewu ndi la malasha a ku Moatize silichedwa kuidetsa, ndipo yakuda bii imamwa dzuwa la ku Tete. Yakhaki, yotuwa kapena yabuluu woderako imabisa litsiro. Pewaninso zilembo zikuluzikulu kumsana ndi mbendera za matimu a mpira. Jekete yosalemba kanthu, ya kolala wamba, mumalowa nayo kutchalitchi, kumaliro, kuofesi ya boma, ngakhale kwa apongozi, popanda wokuyang'anani kawiri. Zamafashoni zija chaka chamawa zidzakuchititsani manyazi.

Yachikopa ndi yokongola, sindikana, koma ndi yolemera ndipo singachapidwe ndi sopo wathu. Yajinzi ikanyowa ndi mvula ya Januwale imachedwa kuuma. Yangayi ndi yakhaki, thonje losakaniza ndi nayiloni. Ndikaichapa madzulo ku Tete n'kuiyanika pachingwe, m'mawa ndimaipeza youma. Ndimaipinda pansi pa chikwama, ndipo ndimadzaitulutsa galimoto ikayamba kukwera mapiri, mphepo ya kwathu ikayamba kulowa pawindo.