Osasenza zigubu poyenda wapansi ku Nkhotakota

Amene mukukonza zoyenda wapansi masiku awiri kapena atatu m'mbali mwa nyanja kuno ku Nkhotakota, musadzipweteke msana ndi zigubu. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndipo dzuwa la Okutobala silichedwa kukumalizitsani zonse. Ine ndimangotenga mabotolo awiri a malita 2, kachidutswa ka chitenje ndi WaterGuard, mankhwala a klorini othira m'madzi akumwa.

Mukapeza mjigo, dzazani onse ngakhale ludzu lisanayambe. Kopanda mjigo, tungani pamene madzi akuyenda, koma ku mtsinje wa Bua maso akhale patsogolo, ng'ona zilipo ndithu. Asiyeni madziwo adikhe kaye, kenako sefani pa chitenje chopinda kanayi. Chitenjecho chimagwira matope, sichipha tizilombo ta kolera, ndiye thirani mankhwala monga alembera pa botolo, khutchumulani, dikirani mphindi 30. Musadumphe kusefa, klorini sagwira bwino ntchito m'madzi amatope.

Madzulo mukatha kuphika nsima, gwiritsani ntchito makala otsalawo. Wiritsani madzi ena abwadamuke kwa mphindi imodzi, vundikirani, m'mawa mudzawapeza atazizira kale ndipo alibe kafungo ka mankhwala kamene ena amadana nako.