Momwe mungasankhire volovolo yaikulu yoyenda nayo m'tchire la ku Alaska

Chaka changa chachiwiri kuno ku Anchorage, anzanga a kuntchito anandikokera ku Russian River, kufupi ndi Cooper Landing, kukawedza nsomba za sockeye. Ndili m'madzi olekeza m'chiuno, chimbalangondo chofiirira chinatsetsereka tsidya linalo n'kuyamba kutolera mitu ya nsomba yomwe asodzi anataya. Anzangawo anangopitiriza kuponya mbedza ngati kwadutsa mbuzi. Ine mawondo anali gwedegwede. Sabata yomweyo ndinayamba kufunafuna revolver, ija akuluakulu ena kwathu amati volovolo. Ndagulapo ziwiri, ndipo yoyambayo inandidyera ndalama pachabe.

Choyamba, mapepala

Ngati muli ndi green card, chiphaso chokhalira ku America mokhazikika, mukhoza kugula ngati nzika. Ngati muli pa viza ya sukulu kapena ya ntchito, lamulo la boma la America limakuletsani kukhala ndi mfuti, pokhapokha mukhale ndi chiphaso chosakira nyama chomwe chikugwira ntchito. Fufuzani zimenezi bwinobwino musanapite kusitolo, chifukwa kulakwitsa apa mukhoza kubwezedwa kwanu. Kusitolo yovomerezeka amafuna zaka 21 pa mfuti ya m'manja, mumalemba fomu 4473, iwo n'kufufuza mbiri yanu. Ku Alaska kuyambira 2003 sipafunika chilolezo chapadera choyendera nayo. Koma musaiike m'galimoto n'kumati mudutsa nayo ku Canada pa Alaska Highway. Kumeneko malamulo a mfuti za m'manja ndi okhwima ndipo adzakugwirani pachipata.

Chachiwiri, mukuifunira chiyani?

Apa anthu ambiri amadzinamiza. Mfuti yosakira ndi mfuti yodzitetezera ndi zinthu ziwiri. Yosakira agwape a pa chilumba cha Kodiak kapena caribou, nyama ya mtundu wa gwape, imafuna mpope wautali, mainchesi 6 mpaka 7.5, kuti chipolopolo chituluke ndi liwiro komanso muzitha kuchalira bwino. Ena amaikapo galasi loyang'anira. Yodzitetezera mukamawedza kapena kuthyola zipatso m'tchire imafuna mpope wa mainchesi 4 kapena kucheperapo, kuti isolole msanga. Chimbalangondo chimathamanga pafupifupi makilomita 55 pa ola. Chikatulukira m'zitsamba pafupi nanu muli ndi masekondi awiri kapena atatu basi.

Pa chifukwa chomwecho, yodzitetezera ikhale ya double action, yoti mukangokoka trigger, kachitsulo kowombera kaja, iwombe. Za single action, monga Ruger Super Blackhawk kapena Freedom Arms, ndi zolimba komanso zolunjika, alenje amazikonda, koma muyenera kukoka hamala, kachitsulo ka kumbuyo komenya chipolopolo, ndi chala chachikulu nthawi iliyonse. Dzanja lina likakhala m'kamwa mwa chilombo zimenezo zimavuta kwambiri.

Chachitatu, kukula kwa chipolopolo

.44 Magnum inatuluka pakati pa zaka za m'ma 1950, makampani a Smith & Wesson ndi Remington atamvera zomwe Elmer Keith, katswiri wolemba za mfuti, ankalimbikira kwa zaka zambiri. Mpaka lero ndi yomwe ndimauza aliyense kuti ayambire. Zipolopolo zake mumazipeza ngakhale m'kasitolo ka kumudzi, ndipo mfuti yomweyo imawomberanso .44 Special, zofewa komanso zosapweteka dzanja, zophunzirira.

Pamwamba pake pali .454 Casull. Mphamvu ndi zochuluka, kukankha kwakenso ndi kwa nkhanza, koma ubwino wake imalandira .45 Colt pophunzira. Kenako .500 S&W Magnum ya 2003 ndi .460 S&W Magnum ya 2005. Ya .460 imalandiranso .454 ndi .45 Colt. Ya .500 ndi ya .460 zimanyamula zipolopolo zisanu zokha, ndipo ya .500 ya mpope wautali imalemera pafupifupi makilogalamu awiri. Chipolopolo chimodzi cha .500 chimadutsa madola atatu. Ndaona zambiri zikugulitsidwa zakalekale koma zonyezimira ngati zatsopano, pamodzi ndi bokosi loyamba la zipolopolo lomwe latsala theka. Mwini wake anawombera kangapo, dzanja linatupa, chidwi chinathera pomwepo.

Musagule musanawombere. Pitani kubwalo loyeserera, mubwereke ya mnzanu kapena mulipire ya pomwepo. Muuzeni akuikireni zipolopolo inu musakuona, asiye bowo limodzi lopanda kanthu. Mukafika pa bowolo mpope n'kugwera pansi, ndiye kuti thupi lanu likuiopa mfutiyo, tsikani pa yocheperapo. Palibe manyazi. Ndipo pa .460 ndi .500 chala chisayandikire kampata ka pakati pa mpope ndi silinda, chozungulira chokhalamo zipolopolo chija, mpweya wotentha wotuluka pamenepo umadula mnofu.

Chachinayi, kulemera kwake, pomwe ine ndinagwa nayo

Ndinkaganiza za phewa langa. Ndinati ndikamayenda tsiku lonse ndi chikwama kumsana sindikufuna chitsulo cholemera pachifuwa. Ndiye ndinagula .44 Magnum yopepuka zedi, ya magalamu 700 okha, yogwiritsidwapo kale ntchito. Zipolopolo ndinakagula pa chionetsero cha mfuti, kwa bambo wina yemwe ankadzaza yekha kunyumba kwake. Anazilongeza m'kathumba ka pulasitiki, cholembedwa ndi cholembera chakuda kuti "bear load", kutanthauza za chimbalangondo, 320 grain (grain ndi muyeso wa kulemera kwa mutu wa chipolopolo). Mtengo unali theka la wa kusitolo. Ndinadziona wochenjera.

Chilimwe chonse ndinayenda nayo m'tchire. Pophunzira ndinkawombera .44 Special zokha, chifukwa zolemerazo ndinayesa ziwiri tsiku loyamba ndipo chikhatho chinachita dzanzi mpaka madzulo. Ndinati zimenezi ndisungire tsiku la tsoka.

Mu September mnzanga wina wachikulire, mlenje wakale, anandiumiriza kuti ndimalize silinda yonse ya zolemerazo iye akuona. Choyamba chinalira. Chachiwiri chinalira. Chachitatu chinalira. Pachinayi trigger inauma gwa, ngati mwaiwotcherera. Hamala osasuntha. Ndinayesa kutsegula silinda, nayonso inakana. Mkuluyo anailandira, anailozetsa kutsogolo, anasuzumira chammbali n'kundionetsa: mutu wa chipolopolo chimodzi unali utasuzumira kunja kwa silinda, pang'ono chabe ngati nsonga ya chikhadabo, n'kukakamira m'mphepete mwa mpope. Silinda sikanathanso kuzungulira.

Chomwe chimachitika ndi ichi. Mfuti ikawomba imabwerera m'mbuyo mwamphamvu, ndipo imakokera m'mbuyo makatiriji onse, ndiye kuti zipolopolo zathunthu ndi zigoba zake, otsala m'silinda powagwira pa mkombero. Koma mutu wa mtovu ndi wolemera, umafuna kutsala pomwe unali. Ndiye pa kuwomba kulikonse mutuwo umasololoka pang'ono m'chigoba chake. Azungu amati crimp jump. Mfuti ikapepuka imabwerera mwaliwiro kwambiri, mutu ukalemera umakana kwambiri, ndipo ngati wodzaza sanafinye bwino pakamwa pa chigobacho ndiye basi. Ine ndinasonkhanitsa zonse zitatu pamodzi. Tinachita kukankhira mutuwo mkati ndi kamtengo kuti silinda itseguke, mosamala, mitima ili m'mwamba. Zotsala m'kathumba kaja sindinaziwomberenso.

Usiku umenewo tulo sitinabwere. Miyezi inayi ndinkayenda monyada m'zitsamba za m'mbali mwa mitsinje, ndili ndi mfuti yoti ikanalira katatu n'kusanduka mwala.

Ndinaigulitsa moluza, ndinamuuza wogulayo zonse. Pano ndili ndi .44 Magnum ya chitsulo chosachita dzimbiri, mpope mainchesi 4, yolemera kilogalamu ndi magalamu 200 kapena kuposerapo pang'ono. Za msinkhu umenewu zilipo zingapo: Smith & Wesson 629, Ruger Redhawk, komanso Super Redhawk Alaskan ya mpope wa mainchesi 2.5 yomwe inatuluka mu 2005. Yatsopano konzekerani madola opitirira 1,000. Kulemerako kumameza kukankha, moti ndimatha kubweza mpope pa chandamale msanga. Phewa linazolowera pa sabata ziwiri.

Chachisanu, yesani zipolopolo zomwe mudzayende nazo

Za chimbalangondo zikhale za mtovu wouma, zamutu wafulati, zomwe pabokosi amalemba hard cast, zolemera 300 grain kapena kuposa, ndiye kuti magalamu 19 kupita m'mwamba. Zimenezi zimaboola fupa ndi minofu yochindikala. Za bowo kumutu zimaphwasuka msanga, zisiyeni. Gulani za kufakitale, za m'mathumba a pulasitiki ayi. Werenganinso bokosi, chifukwa zina zamphamvu kwambiri zolembedwa +P+ amatchula mayina a mfuti zomwe zingapirire, ndipo si zonse.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Tengani katiriji imodzi, muipime kutalika, muipake inki kumbuyo. Dzazani silinda, muwombere zina zonse n'kusiya ya inkiyo. Dzazaninso, ya inkiyo ikhalebe momwemo, muwomberenso. Kenako muipimenso. Ikatalika moti diso likuona, sinthani mtundu wa zipolopolo. Bokosi limodzi lipita pa ntchito imeneyi, ndipo lidzakuwawani m'thumba, koma lipiteni.

Zotsala

Chikwama cha mfutiyo chikhale cha pachifuwa. Cha m'chiuno chimabisika pansi pa lamba wa chikwama cha kumsana kapena m'kati mwa zovala zolowera m'madzi. Zogwirira za labala zimathandiza. Pophunzira valani zotseka m'makutu ziwiri, zolowetsa ndi zophimba, makamaka ngati mpope uli ndi timabowo pamwamba. Mukachoka kumtsinje ipukuteni ndi kupaka mafuta. Pandege imapita m'katundu wa pansi, yopanda zipolopolo, m'bokosi lolimba lokiya, ndipo mumanena pa kauntala.

Bear spray, mankhwala a tsabola opopera chimbalangondo kumaso, ndimayendabe nayo, ndipo ndi yomwe dzanja limayamba kufikira. Ndi yotchipa, siifuna kulunjika kwenikweni. Komanso kuno moose, chinyama chachikulu cha mtundu wa gwape, imavulaza anthu ambiri pachaka kuposa zimbalangondo, ndiye muziyang'ana mbali zonse.

Mukapha chimbalangondo podziteteza, lamulo la ku Alaska likuti mukanene msanga ku Fish and Game, nthambi ya boma yoona za nsomba ndi nyama, kapena kwa Wildlife Troopers, apolisi a za nyama za m'tchire, mulembe fomu pasanathe masiku 15, ndipo chikopa chokhala ndi zikhadabo zake pamodzi ndi chigaza mukapereke ku boma. Kusenda ndi kunyamula kuchoka m'tchiremo ndi ntchito yanu, choncho mpeni wakuthwa usasowe m'chikwama.