Mapeyala si mpunga, bwanji mukuwadzala m'chithaphwi?

Chiyambireni mwezi wa Malichi palibe sabata yomwe yatha ine mlangizi wa zaulimi ndisanaitanidwe kukaona mtengo wa mapeyala womwe ukuuma. Kuchokera kuno ku Linga mpaka cha ku Benga, m'boma la Nkhotakota, dandaulo ndi limodzi: masamba achita chikasu, afota, ayamba kuyoyoka kuyambira kunsonga, chonsecho mvula yagwa yokwanira. Ndikafika pakhomo sindiyang'ana n'komwe m'mwamba. Ndimayang'ana pansi, ndipo chomwe ndimapeza n'chimodzimodzi. Mtengo waima pakati pa beseni, tsinde lili m'matope, madzi a dzana akadali pomwepo mpaka achule aikiramo mazira.

Besenili mumalikumba nokha, ndi manja anu, mwachikondi. Mukakumba dzenje lodzalamo mbande simulikwirira lonse. Mumasiya pakhonde pake pali polowa kuti "madzi azikhazikika", kenako chaka chilichonse mumabwera ndi khasu kudzakuza mkombero uja. Ena mpaka amatema kangalande kochokera pa malata a nyumba kuti madzi onse a padenga azithera pamtengopo. Ena anadzala kuseri kwa bafa, ena pafupi ndi thandala la mbale, poti pamenepo sipauma. Nthochi zimapirira zotere, mango amangokuyang'anani, koma peyala ayi.

Vuto lili ku mizu. Mizu yomwe mtengo wa mapeyala umadyera ndi timizu ting'onoting'ono, tofewa, ndipo tambiri mwa ito tili pamwamba penipeni, osapitirira masentimita 30 kapena 40 kupita pansi. Timizu timeneti timapuma. Dothi likadzaza madzi mpweya umathawamo, ndipo masiku awiri kapena atatu okha a madzi oima ndi okwanira kuti tiyambe kufa. Ndiye taganizani za kuno ku Nkhotakota, boma lomwe mvula yake imatha kuchita mvumbi sabata yathunthu, n'kupitirira mpaka mu Epulo anzathu kwina atayamba kale kukolola. Onjezanipo dothi la makande la m'mbali mwa madambo, lomwe likanyowa limamata ngati phula. Dzenje lokumbidwa m'makande silisiyana ndi mtsuko. Mwaumba mtsuko, mwaikamo mtengo, mvula yadzazamo madzi, ndiye mukudabwa chiyani?

Madziwo sabwera okha. M'dothi muli kachilombo koolesa mizu komwe akatswiri amakatcha Phytophthora cinnamomi. Anayamba kukazindikira m'chaka cha 1922 pa mitengo ya sinamoni ku Sumatra, ndipo lero ndi mdani wamkulu wa mapeyala kulikonse komwe amalimidwa, ngakhale m'minda ikuluikulu ya ku South Africa. Timbewu take timasambira m'madzi a m'dothi kufunafuna nsonga za mizu. Pouma timasowa poyenda. Pa lowe ndiye pamsewu pake, makamaka dothi likakhala lofunda ngati lathu la kunyanja lino. Kakalowa pakhomo panu sikachoka msanga. Kamakhala m'dothi zaka, kamatsetsereka ndi madzi kupita ku mtengo wa kumunsi, kamayenda ndi matope a pa khasu ndi a kumapazi.

Chomwe chimandipweteka mutu n'chakuti mtengo woola mizu umaoneka ngati wa ludzu. Mizu yafa, madzi sakukwera, masamba alendewera. Mwini wake akaona choncho amatuma ana kumjigo, ndowa ziwiri m'mawa, ziwiri madzulo. Ndi chimodzimodzi munthu womira pa nyanja ya Chia inu n'kumuthamangira ndi chikho cha madzi akumwa. Ena amathira feteleza wotsala ku chimanga, wa yureya, chibakera chathunthu patsinde penipeni, n'kuwaula timizu tomwe tinatsala. Ena phulusa la kukhitchini tsiku ndi tsiku. Za kukhoma msomali pathunthu sindifuna n'komwe kuziyamba, ndazinena mpaka pakamwa pauma. Msomali ndi wa denga.

Ndipo inu a Nkhotakota ndi amene simuyenera kulakwitsa zimenezi. Chinangwa chomwe tikudyera kondowole mumadzala pati? Pamitumbira ndi pamizere italiitali, chifukwa agogo anu anadziwa kalekale kuti chikakhala m'madzi chimaola. Mbatata chimodzimodzi. Palibe mlangizi anabwera kudzakuphunzitsani zimenezo. Koma ikafika mbande ya mapeyala, yogula ndi ndalama, nzeru yonse ija mumaisiya kumunda n'kukaitsitsira m'dzenje ngati mukuwokera mpunga ku sikimu ya Bua. Ndivomere kuti mbali ina vutoli ndi lathu alangizi. Takhala tikulalikira dzenje la masentimita 60 mbali zonse pa mtengo uliwonse wa zipatso, osatsindika kuti dzenjelo ndi lofewetsa dothi ndi kusakaniza manyowa basi, liyenera kukwiriridwa lonse mpaka kutumphuka pamwamba. Anthu anamva za kukumba, za kukwirira zinawadutsa.

Sabata yathayi ndinali kwa bambo wina cha kufupi ndi Chia, msodzi wakale yemwe anasiya bwato n'kuyamba ulimi. Zaka zitatu zapitazo anagula mbande zisanu zomezanitsa, ndipo chaka chino ndi chomwe amayembekeza kulawa. Anandilandira nkhope ili gwa.

"Alangizi, musavutike n'kufufuza. Mitengo iyi andithirira mankhwala. Ndikumudziwa wachita zimenezi, tinakangana za malire chaka chatha."

Ndinawapempha khasu. Titapalasa pang'ono pansi pa mtengo woyamba, kunja kwa beseni, timizu tonse tinali takuda, tothetheka ukangotigwira, dothi likununkha ngati pa dambo. Wachiwiri chimodzimodzi, wachitatu, wachinayi. Ndinafunsa kuti wachisanu uli kuti. Anakhala kaye chete, kenako analoza ndi mlomo kuseri kwa khola la mbuzi. Uko kunali mtengo wobiriwira bwino, masamba onyezimira, uli pamwamba pa kachulu kakale komwe anagumula theka poumba njerwa. Titapalasa pamenepo timizu tinali toyera, tolimba.

Mayi a pakhomopo, omwe nthawi yonseyi amapeta mpunga pakhonde ngati sakumva, anayankhira komweko. "Umenewo ndinadzala ndine, alangizi. Maenje anakumba anayi, mbande zinali zisanu, iwo n'kupita kunyanja. Pobwera anandikalipira kuti ndataya ndalama zawo podzala pachulu pouma."

Bambo aja anangoti, "Inu mayi, pitirizani kupeta." Sindinaseke pamaso pawo, ndinakasekera pa njinga. Koma taonani zomwe zatayika pakhomo limenelija. Ndalama za mbande zinayi, ndi zochepa pa zonse. Zaka zitatu zothirira m'chilimwe, kutchingira mbuzi, zapita. Mtengo womezanitsa umayamba kubereka pakatha zaka 3 kapena 4, ndiye kuti akadzala lero ayambirenso kuwerenga, ndipo malo anayi aja sangadzalepo peyala lina posachedwa chifukwa kachilombo kali momwemo. Akanakhala wodzala nthangala ya peyala lomwe anadya, yemwe amadikira zaka 7 mwinanso kupitirira 10, bwenzi kulira kwake kuli kokulirapo. Pamwamba pa izo pali mnansi yemwe wakhala miyezi iwiri osapatsidwa moni pa mlandu womwe sakuudziwa. Ndipo ana apitiriza kudya mapeyala ogula pamsika, obwera pa galimoto kuchokera kumtunda, pomwe akanamathyola kuseri kwa nyumba n'kumapaka pa chinangwa chowiritsa m'mawa.

Palinso china chomwe chimapusitsa anthu. Mtengo womwe mizu yake ikutha nthawi zina umachita maluwa ochuluka n'kubereka tizipatso tambirimbiri ting'onoting'ono, masamba ali ochepa. Mwini amasangalala kuti chaka chino wabereka. Kumeneko n'kutsanzika. Masamba akayoyoka dzuwa la mu Okutobala limawamba nthambi zomwe zatsala pamtunda, khungwa limang'aluka, chiswe n'kudzamaliza. Pamapeto pake chiswe ndi chomwe chimasenza mlandu, chonsecho chinapeza mtengo utafa kale.

Ndisaiwale tsache. Amayi athu pakhomo posasesa amati ndi pa munthu waulesi, ndiye m'mawa uliwonse masamba onse a pansi pa mtengo amasesedwa, kuunjikidwa patsinde, n'kuyatsidwa. Pansi pamatsala mbee, pogangatika ngati bwalo la mpira. Masamba amenewo ndiye chofunda cha timizu tija. Akamaola amafewetsa dothi, madzi amalowa n'kudutsa, ndipo tizamoyo tomwe timaoletsa zinyalala timathandiza kulimbana ndi kachilombo koolesa mizu. Inu mwachotsa chofunda, mwaotcha khungwa ndi moto, mwasiya beseni. Sesani pabwalo ponse ngati mukufuna, koma pansi pa peyala tsache lisafikepo.

Tsono kwa amene mitengo yanu ikadali ndi moyo, chitani izi lero lomwe, musadikire kuti mvula ithe. Gumulani mkombero wa beseni, temani kangalande kotulutsa madzi kupita kumunsi, ndipo madzi a padenga, a kubafa ndi otsukira mbale muwapatutsire kwina, ku nthochi. Pokonzapo musalime mozama pansi pa mtengo, mudula mizu yomwe yatsala. Ngati tsinde linakwiririka, palasani ndi manja mpaka pomwe anamezanitsa paonekere, pakhale pamtunda. Lekani kuthirira kufikira dothi litachita mbuu, muzipisa chala kaye musanatume mwana kumjigo. Feteleza ayembekeze mpaka mtengo utaphukira masamba atsopano. Yalani udzu wouma, mapesi odula kapena makoko a mtedza mochindikala ngati masentimita 10 mpaka pomwe nthambi zalekezera, koma musiye mpata wa chikhatho chimodzi kuzungulira tsinde. Dulani nthambi zouma, thothorani tizipatso tija ngakhale mtima ukuwawa, ndipo nthambi zomwe zili padzuwa muzipake laimu wosungunula m'madzi. Mankhwala othandiza mtengo kupirira matendawa alipo, koma pa mtengo umodzi wa pakhomo womwe ukadali m'chithaphwi n'kutaya ndalama chabe. Womwe wauma kuposa theka, dulani, muphikire.

Odzala atsopano, yesani malo kaye. Kumbani kadzenje kofika m'bondo, dzazani madzi madzulo, mukapeza akadalimo mawa lake malowo si a peyala. Ngati pakhomo ponse ndi pa makande, unjikani mtumbira wotalika kufika m'bondo, wotambalala mapazi awiri aakulu, wa dothi lapamwamba losakaniza ndi manyowa owola bwino, mudzale pamwamba pake mulingo womwewo womwe mbande inali m'chubu. Mtumbira umauma msanga, choncho kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa muzithirira pang'ono koma pafupipafupi, ndipo muutchingire ku mwera ndi ku mbuzi. Pogula mbande ng'ambani chubu chimodzi muone mizu, ikakhala yakuda isiyeni komweko. Za mtundu woyenera kuno kotentha, poti ambiri mukungothamangira Hass chifukwa mwamva dzina pa wailesi pomwe iye amakonda kozizira ngati ku Ntchisi, tidzakambirana pa tsiku lachionetsero. Mubwere ndi makasu, tikaumbire limodzi mtumbira umodzi kuti aliyense aone msinkhu wake.